Nsalu pa Njira ya ku Matope

Msewu wochokera ku Limbe, kudzera ku Blantyre, Lunzu ndi Lirangwe, mpaka kukafika pa Matope m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, m'boma la Neno, ndi umodzi mwa misewu yakale imene nsalu zochokera kutsidya kwa nyanja zinkadzera polowa m'kati mwa dziko lino, ndipo wapaulendo amene angautsate lero maso ake ali pa nsalu amaona kuti katunduyu sanaleke kuyenda m'njira imeneyi, kungoti masiku ano amayenda m'zikwama zimene amayi a geni amakankhira pansi pa mipando ya minibasi. Mtunda wake si wautali, pakuti kuchokera ku Blantyre kukafika ku Shire ndi makilomita pafupifupi 60, koma pa mtunda waufupiwu munthu angathe kulondola moyo wonse wa chitenje, kuyambira pamene chikadali pa mpukutu m'sitolo, kufika pamene chalowa m'bokosi la kuchipinda momwe chingagone zaka chisanavalidwe, mpaka pamene chatsala tizidutswa pansi pa makina a telala. Chimene ulendo wotere umathandiza kumvetsa ndi chizolowezi chimene anthu ambiri, makamaka abambo, amachiyesa kuwononga ndalama, ndicho kugula nsalu ntchito yake isanadziwike n'kuisunga.

Ulendo umayambira ku Limbe chifukwa ndi kumene amalonda ang'onoang'ono a m'chigawo cha kummwera amakapikula, kutanthauza kugula katundu wambiri pa mtengo wotsika kuti akagulitsenso mmodzimmodzi. Masitolo ambiri a nsalu m'tauniyi ndi a mabanja ochokera ku India, amene makolo awo anayamba kufika m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kuunjikana kwawo m'tauni sikunachitike mwangozi, popeza m'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke m'midzi ndi kukachitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Chotsatira chake chinali chakuti sitolo ya khonde lalitali ya kumudzi, momwe mayi ankakadulitsa nsalu pafupi ndi kwawo, inatsekedwa kapena inagwera m'manja mwa anthu amene analibe mpamba wodzadzira mashelefu, ndipo kuchokera pamenepo nsalu yakhala ikufika kumudzi makamaka ndi anthu oyenda nayo m'misika. Zina mwa nsalu za ku Limbe zimapangidwa ku Blantyre komweko, pa fakitale imene inayamba ntchito mu 1967 ndi dzina la David Whitehead and Sons ndipo inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, koma zambiri zimachokera ku China, ku India ndi ku Tanzania, ndipo zina zimabwera ndi amalonda amene amakaoda okha pa msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kulowa nazo pa chipata cha Songwe.

Muyeso umene aliyense amaudziwa ndi wa mamita awiri, umene ndiwo chitenje chimodzi, chokwanira kuzungulira m'chiuno mwa munthu wamkulu n'kutsalako kokulunga. Amene akufuna kusoketsa siketi ndi bulauzi amagula mamita anayi, pamene nsalu yotchedwa wakisi imabwera yopindidwa kale m'mayadi 6, amene ndi mamita asanu ndi theka. Wakisi weniweni ndi nsalu ya thonje imene poidinda amayamba aipaka phula kapena utomoni m'malo amene sakufuna kuti utoto ulowe, kenaka n'kuiviika, kotero kuti maluwa ake amaoneka mofanana mbali zonse ziwiri. Luso limeneli linachokera pa chilumba cha Java, ndipo mafakitale a ku Netherlands, monga Vlisco ya ku Helmond, anayamba kulitsanzira ndi makina m'zaka za m'ma 1800 mpaka anadzapeza msika wake waukulu mu Africa. Nsalu zochuluka zimene zimagulitsidwa lero ndi dzina la wakisi n'zongofanizira, zodindidwa mbali imodzi popanda phula, ndipo n'chifukwa chake wogula amayenera kudalira zala zake ndi maso ake koposa zolembedwa m'mphepete mwa nsalu.

Mayi wodziwa kugula sayamba ndi kufunsa mtengo. Amayamba watembenuza nsalu kuti aone kunsi kwake, chifukwa ngati kunsi n'kotuwa pamene pamwamba pakuwala ndiye kuti utoto sunalowe mu ulusi. Kenaka amagwira pangodya n'kufikisa pakati pa zibakera ziwiri monga amachitira pochapa, ndipo malo ofikisidwawo akalefuka n'kuyamba kuonetsa kuwala kwa dzuwa, amadziwa kuti kulimba kumene nsaluyo inali nako kunali kwa sitachi chabe, kumene kudzathera m'madzi oyamba. Ena amanyowetsa chala n'kukhutiza pa mtundu wofiira kapena wakuda kuti aone ngati utoto ukutsalira pa khungu. Akatha zonsezi m'pamene amafunsa, “Achimwene, imeneyi siisuluka?” ndipo wogulitsa amayankha monga mwa masiku onse kuti, “Amayi, tengani, ikasuluka mubwere nayo,” ngakhale kuti onse awiri akudziwa kuti nsalu yodulidwa sibwezedwa. Mayi wa geni amene akupikula amawonjezapo nzeru ina, yosatenga zitenje zambiri za maluwa amodzi, popeza kumudzi anthu amadziwana, ndipo palibe amene amafuna kukumana ndi anzake atatu pa chigayo atavala chitenje chonga chake popanda kupangana.

Kuchoka ku Blantyre msewu wa M1 umatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumpoto. Pa Lunzu ndi pa Lirangwe, tsiku la msika, zitenje zimakolekedwa pa zingwe ndi pa mitengo yopingasa pafupi ndi milu ya kaunjika, ndipo mtengo wake umakhala utakwerako kale chifukwa wogulitsa waikamo ndalama ya minibasi, ya chiphaso cha msika ndi phindu lake. Kupitirira Mdeka mphepo yozizira ya kumapiri imatha, milambe imayamba kuoneka, ndipo m'mbali mwa msewu mumaima matumba a makala mpaka kukafika pa mlatho wa Zalewa, pamene msewu umaoloka Shire. Patsogolo pang'ono pali mphambano ya msewu wa M6 wopita ku Mwanza, Zobue ndi Tete, ndipo njira imeneyi nayonso imadzetsa nsalu, zimene ku Mozambique amazitcha capulana. Anthu a ku Neno amazidziwa kuyambira kale, makamaka chifukwa bomali, limene linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linasunga anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992. Wopita ku Matope amasiya msewu wa phula n'kutsata wa fumbi wolowera ku mtsinje, nthawi zambiri pa njinga yamoto ya kabaza, chikwama cha nsalu chitamangidwa ndi mphira kumbuyo.

Pa Matope lero pali mishoni ya mpingo wa Anglican, sukulu ndi chipatala chaching'ono, ndipo mlendo wosadziwa mbiri sangaganize kuti malo amenewa anali khomo la malonda ambiri opita ku nyanja ya Malawi. Chifukwa chake chili mu mtsinje momwemo. Kumtunda kwa Matope, Shire amayenda mwakachetechete kuchokera ku nyanja, koma kumunsi kwake amayamba kugwa m'mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira, kutsika mamita oposa 350 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80, ndipo mathithi amenewa, amene ena mwa iwo lero amapatsa dziko magetsi kuyambira pamene Nkula inatsegulidwa mu 1966, ndiwo anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859. Sitima iliyonse yochokera ku Zambezi inkathera kumunsi, cha ku Chikwawa, ndipo katundu wake ankasenzedwa pamutu kukwera mapiri mpaka ku Blantyre, n'kutsikanso kukafika pa Matope kumene sitima ina inkadikira. Mu 1875 anthu mazanamazana anasenza zidutswa za sitima ya Ilala kulambalala mathithiwa, ndipo mu 1885 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA analumikizira pa Matope pomwepa sitima yawo yotchedwa Charles Janson. Kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo anthu ankaitcha Mandala, ndiyo inkayendetsa zambiri za mtengatenga umenewu, ndipo mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25.

Chofunika pa nkhani ino n'chakuti mitolo yambiri inali ya nsalu, ndipo malipiro a oisenza analinso nsalu. Ndalama zachitsulo zisanafalikire, wamtengatenga, wopalasa bwato ngakhale wogulitsa nkhuku ankalandira nsalu yoyera yosadinda ya mtundu wa merikani, imene poyamba inkachokera ku mafakitale a ku America kudzera ku Zanzibar, kapena kaniki, nsalu yakuda kapena yabuluu yochokera ku India. Muyeso wake unali mkono, kuchokera pa chigongono kufika kumapeto kwa zala, ndi mkwamba, kuchokera ku zala za dzanja limodzi kufika ku zala za dzanja lina munthu atatambasula manja, ndipo n'zochititsa chidwi kuti mkwamba umenewu ndi pafupifupi wofanana ndi kutalika kwa chitenje cha lero. Munthu amene analandira mikwamba ingapo sankaivala yonse. Ina ankagulira chakudya, ina ankalipirira mlandu, ina ankapereka kwa apongozi, ndipo yotsala ankaisunga, chifukwa nsalu inali chuma chimene sichinkaola msanga ndiponso chimene aliyense ankachilandira. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linaika m'zaka za m'ma 1890 ndiwo unakankhira anthu ku ndalama zachitsulo, koma chizolowezi choona nsalu ngati chuma chosungika sichinathe pamodzi ndi malipiro a mikwamba. Amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg ankabwerera ndi mabokosi achitsulo odzadza mabulangete ndi nsalu, ena ndi makina osokera omwe, ndipo ena mwa mabokosi amenewo akadalipo m'nyumba za zidzukulu zawo.

Malonda amenewa anali ndi mtengo wake umene suyenera kubisidwa. Anthu a m'chigwa cha Shire sanayambe kuvala chifukwa cha Mandala, pakuti Livingstone anapeza Amang'anja akulima thonje la mitundu iwiri, akupota ulusi ndi kuomba nsalu yolimba yotchedwa machila, imene inkagulitsidwa mpaka ku Zambezi, ndipo kumapiri anthu ankasula chiwondo kuchokera ku khungwa la mtengo wa mombo. Nsalu ya kufakitale, pokhala yopepuka ndi yotsika mtengo, inazimitsa luso lonseli m'mibadwo iwiri yokha, ndipo dera limene linkaomba nsalu yake linasanduka lolima thonje lotumiza kunja, monga momwe alimi a ku Lisungwi ndi ku Balaka akuchitirabe. Matope nayenso sanakhalitse pa ulemerero wake: madzi a m'nyanja atatsika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitima zinaleka kufika, ndipo kuyambira cha mu 1915 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1930 mtsinje unatsala pang'ono kulekeratu kutuluka m'nyanja; njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo pambuyo pake ngakhale msewu waukulu wa kumpoto, umene unkaoloka pa mlatho wa pa Matope, unasamukira ku Zalewa.

Nsalu imene yafika m'nyumba ya ku Matope kapena m'midzi yozungulira imagawika pawiri. Zitenje za tsiku ndi tsiku, zopitira kumunda, kumjigo ndi kukhitchini, zimakhala pa chingwe cha kuchipinda, ndipo pakati pa izo pamapezeka kawirikawiri nsalu za zipani zandale ndi za mabungwe zimene zinagawidwa ulere pa misonkhano. Zatsopano zimalowa m'bokosi kapena m'sutikesi ya pansi pa bedi, zopindidwa monga zinachokera kusitolo, zina kapepala ka fakitale kakadali pomwepo, ndipo mwini wake amaikamo mankhwala othamangitsa njenjete ndi mphemvu kapena sopo wonunkhira, naika bokosilo pa njerwa kuopa chinyezi ndi chiswe. Pansi penipeni pamakhala zimene sizidzavalidwanso, monga chitenje cha malemu amayi ake kapena biriwita, nsalu yakuda imene agogo ankavala. Pakati pamakhala zodula, zodikira tsiku lalikulu. Pamwamba pamakhala yunifomu ya kumpingo, kaya ndi ya Mothers' Union kwa a Anglican kapena ya Mvano kwa a CCAP. Mwana wamkazi wa m'nyumbamo angathe kudziwa zitenje zonse za pa chingwe, koma za m'bokosi amazidziwa mwini yekha, ndipo ngakhale mwamuna wake satsegula popanda kupempha.

Zifukwa zosungira zimaoneka bwino munthu akawerenga nthawi zimene chitenje chimafunika mwadzidzidzi. Mayi woyembekezera amauzidwa ku sikelo kuti pobwera kudzachira adzatenge zitenje zingapo zoyera bwino, pamodzi ndi beseni, lumo, ulusi ndi pepala la pulasitiki, ndipo mwana akabadwa amafunika zomufunditsa ndi mbereko, ndiyo nsalu yomuberekera kumsana. Pa chinamwali, pa chinkhoswe ndi pa ukwati chitenje ndi mphatso imene singakanidwe, ndipo mwana wamkazi amene wabwera kudzaona amayi ake kapena apongozi ake chimanjamanja amachita manyazi amene chitenje chimodzi chikanachotsa. Pa maliro, mkazi sangakhale pa siwa wopanda chitenje, ndipo pamafunikanso nsalu zofunditsa thupi, zotchinga pamene akusambitsa ndi zoyala pa bokosi. Ngakhale lamulo la boma linathandizapo kuzika chitenje m'moyo wa tsiku ndi tsiku, pakuti kuyambira mu 1973 akazi ankaletsedwa kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka pamene lamulolo linachotsedwa dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri. Mwa zonsezi, ukwati wokha ndi umene umadziwika tsiku lake nthawi ikadalipo. Matenda, uchembere wofulumira ndi imfa zimafika ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene chimanga chatha m'nkhokwe ndipo m'nyumba mulibe ndalama ngakhale ya mchere.

Apa m'pamene kagulidwe kamene kamaoneka ngati kosaganizira kamaonetsa nzeru yake. Amayi a kuno amagula nsalu pa nyengo imene ndalama ilipo, ndiyo miyezi yogulitsa thonje, chimanga ndi nandolo, ndiponso mu Disembala pamene magulu a banki m'khonde amagawana zimene anasonkha chaka chonse. Ena amachita chipereganyu, momwe mamembala amasonkha mwezi ndi mwezi kuti mmodzi alandire, ndipo m'magulu ena chosonkhacho chimakhala chitenje chenicheni m'malo mwa ndalama. Amene wagula motero wasandutsa ndalama, imene imatha mphamvu ikangokhala, kukhala chinthu chimene chidzagwire ntchito yomweyo zaka zitatu zikubwerazo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya nsalu inakwera nthawi yomweyo popeza zambiri zimagulidwa ndi ndalama zakunja, koma chitenje chimene chinali kale m'bokosi chinakwanabe kukulunga khanda ndi kupepesera maliro monga kale. Chimanga chosungidwa chimafumbwa, mbuzi imadwala kapena kubedwa, ndipo ndalama ya m'thumba imapemphedwa ndi wachibale amene sungamukanize, pamene nsalu ya m'bokosi palibe amene amaiona. Si kuti mwini wake amadzaigulitsa, ngakhale kuti njala ikavuta zimachitika. Phindu lake lagona pakuti imamupulumutsa ku kugula pa tsiku loipa, pa mtengo woipa, ndi ndalama ya katapila.

Palinso mbali ya ulemu ndi ya umwini. M'madera ambiri a kummwera, momwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi mwa mwambo wa chikamwini, kuveka mkazi ndi udindo umene ankhoswe amaufunsa poweruza nkhani za m'banja, ndipo dandaulo lakuti “chaka chatha osandigulirako ngakhale chitenje” limamveka ngati mlandu weniweni, osati kudandaula wamba. Nsalu imene yaperekedwa imakhala ya mkaziyo kotheratu, ndipo banja likatha siiwerengedwa pa katundu wogawana. Kwa mayi amene alibe buku la kubanki ndiponso amene dzina lake silinalembedwe pa chiphaso cha njinga kapena cha ng'ombe, bokosi la nsalu ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene angazitchule kuti n'zake popanda womutsutsa, ndipo amene amaseka kuunjika zitenje ayenera kuyamba waganizira zimenezi.

Komabe si kugula konse kumene kuli kwanzeru, ndipo chimene chikulemetsa mabanja masiku ano ndi yunifomu ya pa zochitika. Komiti ya ukwati, ya chinkhoswe, ya mwambo wotsanzikana ndi mkwatibwi ngakhale yoika mwala pa manda imasankha nsalu imodzi kuti abale ndi abwenzi onse agule, kawirikawiri pa mtengo wokwererapo kuti phindu lithandize mwambowo, ndipo wokana amaoneka ngati wodzipatula. Nsalu yotere siisankhidwa ndi woivala, imasokedwa nthawi yomweyo, imavalidwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo popeza mudzi wonse ukuidziwa singaperekedwenso kwa wina ngati mphatso. Imadya ndalama imene ikanalowa m'bokosi koma siigwira ntchito ya za m'bokosi, ndipo m'miyezi ya maukwati, kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, mayi mmodzi angathe kukakamizika kugula mayunifomu angapo.

Gawo lotsiriza la ulendo wa nsalu lili pa khonde la golosale, pamene telala amakhala ndi makina ake opalasa ndi mapazi, tepi ili m'khosi, choko ndi sizasi zili pa thebulo, ndipo pansi pa thebulopo pali thumba limene amaponyamo zigamba, ndizo tizidutswa totsala akadula chovala. Umwini wa zigamba ndi nkhani imene imakambidwa mosamala. Chidutswa chachikulu, chokwanira duku kapena kasiketi ka mwana, ndi cha mwini nsalu, ndipo mayi posiya nsalu yake amanena kuti, “Atelala, yotsalayo mundisungire,” koma tating'onoting'ono ta m'khwapa ndi m'khosi timatsalira telala monga mwa chizolowezi, ndipo ndi iye amene amakhala ndi nkhokwe ya mitundu yonse ya nsalu imene yavalidwa m'deralo chaka chimenecho. Nthawi imene ntchito yachepa, makamaka m'dzinja, amakhuthula thumbalo, n'kusankha zidutswa zofanana makulidwe, n'kuzidula m'makona anayi kapena m'mizere, n'kuzilumikiza mpaka zitakwana choyala pa bedi, katani ya pakhomo, chikwama cha mabuku kapena diresi ya mwana. Tizingwe tosasokeka amatenga amayi ndi ana kukalowetsa m'maso a thumba la saka n'kupanga chopondera, ndipo mu 2020, matenda a Covid-19 atafika, zigamba zomwezi zinasokedwa kukhala zotchingira pakamwa ndi mphuno.

Luso lolumikiza zigamba lili ndi abale ake m'maiko ambiri, ndipo kuwayerekeza kumaonetsa chimene chili chapadera kuno. Ku America ndi ku Britain kuli mwambo wosoka chofunda cha magawo atatu, pamwamba nsalu ya zidutswa zolumikiza, pakati thonje kapena ubweya wofunditsa, pansi nsalu yathunthu, zonse zitasokedwa pamodzi ndi mizere ya ulusi yopyoza. M'madera ena unali mwambo wa anthu osowa, monga amayi achikuda a ku Gee's Bend m'chigawo cha Alabama, amene ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha za kumunda, ndipo ntchito yawo inadzaonetsedwa m'nyumba zosungira zaluso ku Houston ndi ku New York mu 2002. Ku Bengal nakonso amayi amasanjikiza nsalu zakale za sari n'kuzisoka pamodzi kukhala chofunda chotchedwa kantha. Koma lero ambiri osoka zofunda zotere m'maiko olemera amagula nsalu yatsopano ndi cholinga choidula, ndipo masitolo amawagulitsa zidutswa zodula kale za masentimita 46 ndi 56, zimene amaziunjika m'mashelefu motsata mitundu, kudikira tsiku limene adzapeze chosoka. Iwonso amagula ntchito isanadziwike, monga mayi wa ku Matope, koma iwo amasunga kuti adzadule, pamene iye amasunga kuti nsalu ikhale yathunthu, chifukwa chitenje chosadula chingakhale chovala, mbereko, chofunda, chonyamulira ufa, nkhata kapena mphatso, ndipo sizasi ikangodutsapo ntchito zonsezi zimatsala imodzi. Nyengo nayonso ili ndi mbali yake, pakuti m'chigwa chotentha ngati ichi chofunda chokhuthala chilibe ntchito kupatula masiku owerengeka a Juni ndi Julayi, ndipo n'chifukwa chake nsalu ya zigamba ya kuno imakhala ya gawo limodzi, kapena awiri ikachuluka.

M'zaka zaposachedwa zigamba zayamba kukhala ndi mtengo. Osoka a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amapanga zikwama, mathalauza, zipewa ndi zoyala pa bedi za zigamba zogulitsa kwa alendo ndi kwa achinyamata a m'tauni, ndipo chidwi cha zovala za chitenje chinakula kuchokera mu 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi ndi kulimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala zosokedwa m'dziko muno Lachisanu lililonse. Telala wa kumudzi amene kale ankapatsa ana zigamba kuti akamangire mpira tsopano amayamba waganiza kawiri. Vuto limene akukumana nalo ndi la mtundu wa nsalu imene ikufika pa thebulo lake, pakuti zitenje zotsika mtengo zimene zadzadza m'misika ya Lunzu ndi Zalewa n'zosakaniza ndi poliyesita, ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi, umene sumwa thukuta, umaterera pansi pa singano ndipo umakwinyika kapena kusungunuka ukakhudzidwa ndi simbi ya makala. Chigamba cha thonje chimafupika pang'ono chikachapidwa koyamba pamene cha poliyesita sichifupika, kotero kuti ziwirizi zikasokedwa pamodzi msoko umakokana ndipo choyalacho sichigonanso bwino pa bedi. Telala wosamala amayamba wayesa zidutswa zokayikitsa poyatsa kaulusi ka m'mphepete ndi machesi, popeza thonje limapsa n'kusiya phulusa lofewa pamene poliyesita amafota n'kuuma ngati pulasitiki, ndipo akatero amasunga matumba awiri, lina la zosokera zoyala pa bedi ndi zikwama, lina la zopangira zopondera.